MAKALATA OFUNA KUGULA GALIMOTO YANU

Nkhani iyi inakambidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa za Ulimi pa nthawi ya alimi. Taisindikiza pano kuti mafumu aiwerengere anthu awo.

 Masiku ena timakamba za mbewu, za manyowa ndi za ziweto. Lero tikamba za chuma china chimene alimi ambiri achipeza ndi thukuta la m'munda, ndicho galimoto. M'midzi yambiri tsopano muli pikapu, lole yaing'ono kapena njinga yamoto imene mwini wake anaigula atagulitsa fodya, soya, mtedza kapena ng'ombe. Ndiponso ambiri a inu muli ndi ana ku Johannesburg, ku Cape Town, ku Mangalande ndi ku America, amene ali ndi magalimoto awo kumeneko.

Tsono kuli mtundu wina wa kalata umene ogulitsa magalimoto amalembera eni magalimoto, kunena kuti afuna kugula galimoto yawo yakale ndi kuwalipira bwino. Nkhani yathu ndiyo ya makalata amenewa: achokera kuti, afunanji, ndipo munthu achite chiyani akaalandira. Tiyamba ndi kumene mwambowu uli wofala, kenaka tidzafika kwathu kuno, pakuti nzeru yake ndi imodzimodzi.

KODI KALATAYO IMANENA CHIYANI?

Makalata awa ngofala kwambiri ku America, ndipo ku Mangalande ndi ku South Africa aliponso, ena pa pepala, ena pa foni. Munthu akagula galimoto nakhala nayo zaka zitatu kapena zinayi, tsiku lina alandira kalata yochokera ku kampani yogulitsa magalimoto. Kalatayo imutchula dzina lake, itchulanso mtundu wa galimoto yake ndi chaka chimene inapangidwa. Pansi pake pali siginecha ya bwana wa pamalopo. Nthawi zina envulopu ioneka ngati yolembedwa pa manja, koma analemba ndi makina. Nthawi zina muli kapepala kofanana ndi cheke, kolembedwa ndalama zambiri, koma kumene banki singakalandire.

Mawu ake kawirikawiri ndi anayi. Oyamba, akuti magalimoto a mtundu wanu ali kusowa. Achiwiri, akuti pali munthu amene ali kufuna galimoto yonga yanuyo. Achitatu, akuti adzakulipirani mtengo wapamwamba. Achinayi, akuti mufike msanga, lisanapite Loweruka, chifukwa mwayiwo utha.

Munthu wowerenga kalata yotere amva kukoma mumtima, naganiza kuti bwanayo anakhala pansi ndi kumukumbukira iye yekha. Iyayi, si choncho. Dzina lanu analipeza m'mabuku awo tsiku limene munagula galimotoyo, kapena tsiku limene munapita nayo ku galaja yawo kukathira oyilo. Ena amagula mndandanda wa mayina kwa makampani amene ntchito yawo ndi kusonkhanitsa mayina ndi kugulitsa. Kompyuta ndiyo imasankha anthu amene galimoto yawo yafika zaka zoyenera, kapena amene ngongole yawo ya ku banki ili pafupi kutha, ndipo kalata imodzimodziyo imapita kwa anthu mazanamazana tsiku limodzi. Munthu uja amene akuti ali kudikira galimoto yanu, ali kudikiranso magalimoto a anzanu onse amene analandira kalatayo. Ndipo Loweruka lija likapita, mwezi wamawa kudzabwera kalata ina yotchula Loweruka lina.

ZOONA ZIMENE ZILI M'KALATAMO

Tisanene kuti zonse za m'kalatamo ndi bodza. Nzoona kuti ogulitsa magalimoto afuna magalimoto akale, pakuti muli phindu. Mwa njira zopezera magalimoto otere, ina ndiyo kukagula ku okushoni. Inu alimi a fodya mudziwa bwino za okushoni, za ku Kanengo, ku Limbe, ku Chinkhoma ndi ku Mzuzu. Kumeneko ogula amapikisana. Chimodzimodzi ku okushoni ya magalimoto: wamalonda apikisana ndi amalonda anzake, alipira ndalama ya okushoni, alipiranso yonyamulira galimoto kufika nayo pamalo pake, ndipo sadziwa bwino mmene mwini wake woyamba anaisamalira. Koma akagula kwa inu, palibe wopikisana naye, galimoto mwabwera nayo nokha, ndipo ngati inkakonzedwa ku galaja yake adziwa mbiri yake yonse. Chotero kugula kwa inu nkotchipa kwa iye.

Pali nyengo zinanso pamene magalimoto akale amasowadi. M'chaka cha 2021, mliri wa Covid-19 utasokoneza ntchito za m'mafakitale, kunasowa tizipangizo tating'ono ta magetsi timene timaikidwa m'magalimoto atsopano. Mafakitale anachepetsa kupanga magalimoto, anthu nathamangira akale, ndipo ku America mtengo wa magalimoto akale unakwera ndi gawo loposa limodzi mwa magawo atatu m'chaka chimodzi chokha. Pa nthawi imeneyo anthu ena anagulitsadi magalimoto awo pa mtengo wabwino zedi.

Tsono phunziro loyamba ndi ili: munthu akakutsatani kufuna chinthu chanu, dziwani kuti chinthucho chili ndi mtengo. Wogula ng'ombe sayenda mtunda wautali kudzafunsa ng'ombe yowonda. Kalatayo ikuuzani kuti muli ndi katundu wofunika, ndipo mwini katundu wofunika sayenera kufulumira.

CHIMENE AFUNA KWENIKWENI

Msodzi akaika nyongolotsi pa mbedza, sali kudyetsa nsomba. Cholinga chachikulu cha kalata yotere ndicho chakuti mulowe pa chipata chawo. Iwo adziwa kuti munthu akagulitsa galimoto yake afuna ina yoyendera. Pamene makaniko ali kuyang'ana galimoto yanu kuseri, wogulitsa akupatsani mpando ndi tiyi, nakuonetsani magalimoto onyezimira amene ali pabwalo. Munadza kudzagulitsa, koma mutuluka mutagula. Wamalonda apindula kawiri, pa yatsopano imene wakugulitsani, ndi pa yakale imene adzaitsuka nkuigulitsa kwa wina. Ngati mwatenganso ngongole kudzera kwa iye, apindula kachitatu, chifukwa mabanki ambiri amapereka kangachepe kwa wamalonda amene wawapezera munthu wokongola.

Malonda osinthanitsa galimoto yakale ndi ina ali ndi mitengo iwiri m'kati mwake, ndipo pamenepa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka. Tiyeni tiyerekeze ndi ndalama zathu kuti timvane. Tinene kuti pikapu yanu, mutaigulitsa nokha kwa munthu wamba, ingagulidwe K9,000,000. Wamalonda akuti, ine ndikupatsani K10,000,000. Inu mukondwa. Galimoto imene afuna kukugulitsani waiika pa K24,000,000, ndiye kuti muwonjezere K14,000,000. Koma munthu wina wobwera ndi ndalama m'manja, wopanda galimoto yosinthitsa, akadanenerera mtengo nkuigula pa K22,000,000. Mukadagulitsa nokha pa K9,000,000 ndi kugula pa K22,000,000, mukadawonjezera K13,000,000 yokha. Taonani tsono: anakuwonjezerani miliyoni imodzi pa yakale, nakuchotserani mamiliyoni awiri pa yatsopano. Mwaluza K1,000,000 muli kuthokoza.

Chifukwa chake musayang'ane mtengo umene akupatsani pa galimoto yanu wokha. Funso lenileni ndi lakuti, ndalama zotuluka m'thumba mwanga ndi zingati zonse pamodzi?

MAWU AKUTI "MPAKA"

Mukawerenga kalata yotere, funafunani kamawu kakang'ono kakuti "mpaka". Sanena kuti tidzakupatsani ndalama zakuti. Anena kuti tidzakupatsani mpaka ndalama zakuti. Kamawu kameneka ndi chitseko chothawira. Mtengo waukulu uja ngwa galimoto yopanda chilema chilichonse, yoyenda mtunda wochepa, imene mwina kulibe ndi imodzi yomwe. Mukafika, ayamba kuchotsa: matayala atha, galasi lili ndi mng'alu, penti yakalika, makilomita achuluka, mpando wang'ambika. Pomaliza mtengo watsika kwambiri, ndipo inu mwayenda kale ulendo, mwataya tsiku, mtima wanu wakhazikika kale pa kugulitsa. Ambiri amangovomera.

Izi si zongoganizira. M'chaka cha 2011 ofesi ya Boma la Britain yoona za chilungamo pa malonda, imene pa nthawiyo inkatchedwa Office of Fair Trading, inafufuza kampani yogula magalimoto akale yotchedwa We Buy Any Car. Inapeza kuti mwa anthu 10 alionse amene anagulitsa magalimoto awo kumeneko, oposa 9 analandira ndalama zochepera pa mtengo umene anauzidwa poyamba pa intaneti. Kampaniyo inalonjeza kusintha kachitidwe kake.

Makalata a ku America amakondanso kunena kuti adzalipira koposa mtengo wa m'buku. Buku limene anthu ambiri amalidziwa kumeneko ndi Kelley Blue Book, limene linayamba m'chaka cha 1926 mu mzinda wa Los Angeles. Musalisokoneze ndi blue book yathu kuno, imene ili chikalata cha umwini wa galimoto. Lawolo ndi buku la mitengo. Koma m'buku limenelo galimoto imodzi ili ndi mitengo ingapo: mtengo umene wamalonda agulira kwa inu, umene uli wotsika, mtengo wogulitsana anthu wamba, umene uli pakati, ndi mtengo umene wamalonda agulitsira, umene uli wokwera. Akanena kuti apitirira mtengo wa m'buku, kawirikawiri anena wotsika uja, ndipo angaupitirire koma osafika pa wapakati.

Alimi, kodi zimenezi nzachilendo? Venda amaima pa msika nakuwa mtengo wokoma wa soya, koma thumba likafika pa sikelo ayamba kunena kuti soya wanu ngwonyowa, muli zinyalala, ndipo sikelo yakeyo aidziwa yekha. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

ZA NGONGOLE YOSATHA

Pano ndilankhule makamaka kwa inu makolo amene ana anu ali kunja, pakuti kumeneko anthu ambiri amagula magalimoto pa ngongole ya ku banki. Makalata ena amalonjeza kuti adzakumalizirani ngongole yanu yonse, ingakhale yaikulu bwanji. Mawu okoma ndithu. Koma ngongole siisungunuka ngati mchere.

Tiyerekeze ndi ndalama za ku South Africa. Mwana wanu ali ndi galimoto imene mtengo wake lero ndi R120,000, koma ngongole yotsala ku banki ndi R150,000. Ndiye kuti ngongole yaposa galimoto ndi R30,000. Wamalonda alipiradi banki R150,000 yonse, koma R30,000 ija aiphatikiza pa ngongole ya galimoto yatsopano. Ngati yatsopanoyo ndi ya R250,000, mwana wanu asayinira R280,000, ndipo adzalipira chiwongoladzanja pa galimoto imene sali nayonso. Bungwe la Boma la America loteteza ogula, Federal Trade Commission, limachenjeza anthu za njira imeneyi.

Njira ina ndiyo yochepetsa ndalama ya pamwezi. Wogulitsa afunsa kuti, kodi mungathe kulipira zingati pa mwezi? Akatero atalikitsa miyezi. Munthu wolipira R5,000 pa mwezi kwa miyezi 60 alipira R300,000. Akamuuza kuti tsopano muzilipira R4,400 yokha koma kwa miyezi 72, iye aona ngati wapepukidwa ndi R600 pa mwezi, koma pomaliza adzakhala atalipira R316,800. Katundu sanachepe, mtunda wosenzera ndiwo watalika. Mwana wanu akakuimbirani foni kuti walandira kalata yotere, mfunseni mafunso awiri: ngongole yakale ipita kuti, ndipo udzalipira zingati zonse pamodzi kufikira mwezi womaliza?

NANGA KWATHU KUNO?

Kwathu kuno sikawirikawiri uthenga wotere kudzera ku positi ofesi. Umabwera pa foni, pa WhatsApp ndi pa Facebook, kapena umabwera ndi miyendo: munthu akupezani pa msika, pa chigayo kapena pomwetsera mafuta, nayamba kuisilira pikapu yanu, nkunena kuti ali ndi bwana amene afuna yotereyi lero lomwe. Ena amati tisinthane ndi yanga, muwonjezere pang'ono. Ambiri a iwo ndi akhalapakati, amene phindu lawo lili pakati pa mtengo umene akupatsani inu ndi umene akalandire m'tauni.

Chifukwa chimene aifunira galimoto yanu nchosavuta kumva. Magalimoto ambiri amene ayenda m'misewu yathu ndi akale ochokera ku Japan, amene amatsikira pa doko la Dar es Salaam ndi kulowera pa chipata cha Songwe ku Karonga. Ena amadzera ku Mwanza ndi ku Dedza. Amagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo akafika amalipiridwa msonkho ku MRA molingana ndi zaka zake ndi kukula kwa injini. Tsono kwacha ikagwa, mtengo wa galimoto yobwera ukwera, ndipo galimoto imene ili kale m'dziko muno ikwera nayo. M'mwezi wa Meyi 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inachepetsedwanso ndi 44 peresenti, kotero kuti dola imodzi, imene inali pafupifupi K1,180 ku banki, inafika pa K1,700. Wamalonda wa m'tauni amadziwa mitengo yatsopano tsiku lomwelo. Mlimi wa kumudzi akumbukira mtengo umene anagulira zaka zapitazo.

Apa ndi pamene pali msampha waukulu kwa ife. Tinene kuti mlimi anagula pikapu pa K4,000,000 kale. Lero munthu amupatsa K7,000,000. Mlimi awerenga kuti wapindula K3,000,000, nagulitsa mokondwa. Patapita miyezi iwiri afuna ina yonga yomweyo, napeza kuti ili pa K10,000,000. Phindu lija lili kuti? Mtengo woona wa chinthu si umene munagulira, koma umene mudzafunika kulipira kuti mupeze china chonga icho. Nchimodzimodzi ndi munthu wogulitsa chimanga chake chonse mu Meyi, amene akachigulanso kwa venda yemweyo mu Febuluwale.

Onaninso nyengo imene ogula otere amachuluka. Amadza pamene mlimi ali kufuna ndalama za feteleza ndi mbewu mvula ili pafupi, pa nthawi ya fizi ya ana, ndi m'miyezi ya njala. Adziwa kuti munthu wopanikizika sanenerera mtengo. Ngati mungathe kudikira kufikira anthu atakolola ndi kugulitsa mbewu zawo, ogula adzakhala ambiri ndipo ndalama zidzakhala m'manja mwawo.

MUYAMBE MWADZIFUNSA

Musanayankhe munthu aliyense, dzifunseni kuti, kodi dzulo, uthengawu usanabwere, ndinali ndi maganizo ogulitsa? Ngati munalibe, palibe chimene chasintha. Kalata kapena uthenga wa pa foni si samani, simukakamizidwa kuyankha.

Werengani ntchito imene galimotoyo ikugwirirani. Pa chaka imanyamula matumba angati a feteleza, a chimanga, mabelo angati a fodya? Mukadalipira zingati kwa eni malole pa thumba lililonse? Imakupezerani zingati ponyamulira anzanu? Nanga usiku munthu akadwala, kapena mayi woyembekezera ikamukwanira nthawi, mudzi umadalira galimoto ya yani? Mbali inayi werengani zimene imakudyerani: mafuta, matayala, makaniko, inshuwalansi ndi COF. Ngati imadya koposa zimene imabweretsa, ndipo imakhalitsa pa miyala kuposa pa msewu, kugulitsa ndi nzeru ndithu. Galimoto yongokhala pansi pa mtengo siikwera mtengo ngati ng'ombe yoswa, imachita dzimbiri. Koma chiweruzo chikhale chanu, osati cha wogula.

Ndipo abambo, nkhani yotere ikambidwe m'nyumba. Fodya amene anagula galimotoyo, amayi anasoka nawo, ana anathyola nawo. Mutu umodzi susenza denga.

MUKATSIMIKIZA KUGULITSA

Choyamba, funsani mitengo kwa anthu osachepera atatu amene sadziwana. Tumani mwana aone pa foni mitengo ya magalimoto a mtundu womwewo ndi chaka chomwecho, ndipo funsani makaniko amene mumamukhulupirira. Safunsa anadya phula.

Chachiwiri, dziwani zilema za galimoto yanu wogula asanakuuzeni. Makaniko wanu aiyang'ane, akuuzeni mtengo wokonzera chilichonse, kuti wogula akanena kuti kukonza mabuleki nkwa ndalama zakuti, mudziwe ngati anena zoona. Itsukeni, sonkhanitsani malisiti a ku galaja. Koma musabise chilema chachikulu. Amene mwamunyenga adzabwerera ndi mlandu.

Chachitatu, ngati mufuna kugulanso ina, lekanitsani malonda awiriwo. Yambani mwamvana mtengo wa imene mufuna kugula, ngati kuti mulibe yosinthitsa. Mukatha pamenepo, ndiye mufunse kuti yanu aigula zingati.

Chachinayi, mtengo ulembedwe pa pepala, ndipo mulitenge pepalalo kunyumba mukagone nalo. Wogula woona adzakhalapo ndi mawa lomwe. Amene anena kuti lero lokha, aopa kuti mukafunsa kwa ena. Musasayine pepala limene simunaliwerenge, kapena limene lili ndi malo osalembedwa. Ngati lili m'Chingerezi, pezani munthu wanu akuwerengereni, osati munthu wa wogulayo.

Chachisanu, makiyi ndi blue book zisachoke m'manja mwanu ndalama zisanakwane. Wofuna kuiyesa galimoto pa msewu apite ndi inu ndi mnzanu wina, masana, ndipo muyambe mwaona chiphaso chake cha unzika ndi laisensi yake. Musalole mkhalapakati kuitenga kuti akaionetse kwa bwana wake m'tauni. Bwanayo abwere yekha.

Chachisanu ndi chimodzi, za kalandiridwe ka ndalama. Malo abwino olipirirana ndi m'banki, masana, ndalama zilowe mu akaunti yanu ndipo wa ku banki akutsimikizireni. Uthenga wa pa foni wonena kuti ndalama zalowa ungathe kukhala wopeka; onani nokha mu akaunti yanu, kaya ndi ya ku banki, ya Airtel Money kapena ya Mpamba. Cheke si ndalama kufikira banki itanena kuti yadutsa. Chenjerani ndi munthu wopereka theka nkutenga galimoto, kuti zotsala adzamaliza akagulitsa mbewu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Ndipo kumbukirani kuti wogulitsa salipira: munthu akakuuzani kuti mutumize kaye ndalama ya mafuta, ya fomu kapena ya kalembera kuti adzagule galimoto yanu, ameneyo ndi wakuba.

Chachisanu ndi chiwiri, sinthani umwini. Ambiri amaiwala ichi, koma nchachikulu. Pitani nonse awiri, wogulitsa ndi wogula, ku ofesi ya Road Traffic, monga ya ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu kapena Zomba, mukachotse dzina lanu ndi kulembetsa la mwini watsopano. Kuyambira m'chaka cha 2015 ofesi imeneyi imasunga mayina a eni magalimoto m'kompyuta pamodzi ndi zidindo za zala zawo. Lowani m'kati mukaonane ndi kalaliki weniweni, musapereke mapepala anu kwa madobadoba oima panja. Dzina lanu likatsala pa galimotoyo, tsiku limene idzagunda munthu kapena kugwidwa ndi katundu wakuba, apolisi adzayamba kufika pakhomo panu. Dziwitsaninso kampani ya inshuwalansi kuti mwagulitsa. Ngati galimoto ili ndi ngongole ku banki kapena inaikidwa chikole, simungaigulitse mwakachetechete. Yambani mwakambirana ndi eni ngongoleyo.

Zonsezi zikhudzanso njinga yamoto, thirakitala ndi injini ya chigayo. Chinthu chikachepa mtengo, kuchenjera kusachepe.

MAWU KWA MAFUMU

Inu mafumu ndi anyakwawa, milandu ya malonda otere ikavuta imafika pabwalo panu, chotero nkwabwino kuitchinga isanabadwe. Limbikitsani anthu anu kuti pogulitsa chinthu chachikulu pakhale mboni ndi kalata ya mgwirizano. M'kalatamo mulembedwe mayina a onse awiri ndi manambala a ziphaso zawo za unzika, nambala ya galimoto, nambala ya injini ndi ya chasisi, mtengo, ndalama zimene zaperekedwa, ndi tsiku. Aliyense asunge yake. Koma muwauze kuti kalata ya pamudzi, ingakhale ili ndi chidindo cha mfumu, siilowa m'malo mwa kusintha umwini ku Road Traffic.

Yang'anirani makamaka nyumba za amasiye. Mwini galimoto akamwalira, ogula amafika msanga, nthawi zina maliro asanaiwalike, ndipo achibale ena amafulumira kugulitsa. Lamulo la chuma cha masiye la m'chaka cha 2011 limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Galimoto ya malemu isagulitsidwe kufikira atapezeka munthu wololedwa ndi lamulo kuyendetsa chumacho. Pa zimenezi ofesi ya DC idzakuthandizani.

Mlendo akafika m'mudzi mwanu ndi galimoto kapena njinga yamoto yotchipa modabwitsa, yopanda mapepala, chenjezani anthu anu ndipo dziwitsani apolisi, pakuti wogula chakuba amataya katundu ndi ndalama zomwe. Munthu akabedwa mwachinyengo, apite ku polisi tsiku lomwelo, asafufute mauthenga a pa foni, chifukwa ndiwo umboni. Ngati dandaulo lili pa kampani ya malonda imene inalonjeza china nkuchita china, kuli bungwe la Boma la Competition and Fair Trading Commission, limene limalandira madandaulo a ogula.

Alimi anzanga, si wamalonda aliyense ali wonyenga. Ambiri ali pa ntchito yawo monga inu muli pa yanu, ndipo ntchito yawo ndiyo kugula motsika ndi kugulitsa mokwera. Palibe cholakwa kugulitsa kwa iwo ngati mufuna ndalama msanga ndipo mudziwa kuti mwasiyapo zingati chifukwa cha changucho. Choipa ndi kugulitsa m'chimbulimbuli. Iye adziwa mtengo wa galimoto yanu. Inunso muudziwe musanakhale naye pansi.

Sabata ya mawa pa nthawi yomweyino tidzakamba za kasungidwe ka chimanga m'matumba ndi m'nkhokwe. Mafumu, kafotokozereni anthu anu zimene mwamvazi.